Moto Wopanda Khala Kuseri kwa Nkhokwe ya Apongozi

Kalekale, m'chaka chimene dzombe lidabwera kachiwiri, masika atangotha, pa tsiku lachitatu mwezi utaoneka, kudacha ndi mphepo ya mwera. Mame adali ambiri, ndipo dzuwa lidachedwa kutuluka m'mitambo. Ena amati lidali tsiku lachinayi. Amenewo amalakwa. Malemu a Gwirize, amene adandisiyira nthano iyi, adandibwerezera kawiri konse kuti lidali lachitatu.

Tula kaye dengu la zitosilo, mphwanga. Usathire pa mpiru wako usanamve zimene zidayamba tsiku limenelo.

Tsiku limenelo mwamuna wina, dzina lake Kafumbata, adalowa chikamwini m'mudzi wa Kamtsuko. Adakwatira Ndaziona, mwana wa aNamilanzi. Kafumbata adali wosula zitsulo, mwana wa wosula zitsulo. Khasu ankalidziwa kuyambira lili pamoto mpaka litalowa mumpini. Kuchokera pamenepo sankalidziwanso. Kwawo iwo ankasula, ena nkumalima, chakudya nkumabwera chokha pakhomo.

Adafika atanyamula zinthu zinayi: mvukuto, nyundo, mbaniro ndi chitsulo chachitali chotokosera moto.

Amene adamulandira adali a Chikadza, malume ake a Ndaziona, mwini mbumba ya pakhomopo. Adayang'ana katunduyo, nayang'ana mwini wake.

"Katundu ndi yemweyu, bambo?"

"Ndi yemweyu," adatero Kafumbata.

"Mvukutowu kwanuko mumadyera nsinjiro, kapena mchere wokha?"



A Chikadza adapita ndi Kafumbata kuseri kwa nyumba ya aNamilanzi. Kumeneko kudali malo a nthaka yofiira, yoguga, youma ngati phale. Adamuloza malowo. Kenako adatenga chingwe cha luzi, namanga mfundo zisanu, nachipachika pakhonde.

"Mwezi ukaoneka ndizimasula imodzi," adatero. "Tsiku lomasula yomaliza, mlongo wanga adzathyole ndiwo zomera ndi ntchito ya manja anu. Zidzadzaze lichero. Likadzaza, ndinu wathu. Likapanda kudzaza, njira imene mwadzera mukuidziwa."

Tsono udziwe, mphwanga, kuti masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso ndipo sankayankhulana. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira pambali mapazi atatu, nayang'ana kutchire mpaka apongozi adutse. Mapazi atatu okha. Koma Kafumbata adali munthu waulemu wopitirira. Akangoona chitenje cha aNamilanzi chapatali, ankataya chimene wagwira, liwiro, mpaka kuseri kwa chulu chimene chidali kumapeto kwa mudzi.

Pa tsiku lachisanu kudabwera uthenga. Mkulu wake wa Ndaziona, amene adakwatiwa kuseri kwa phiri, adabereka mapasa, ndipo ankafuna womuthandiza. Ndaziona adamanga kamtolo kake.

"Mukundisiya ndi nthaka imene ija?" adafunsa Kafumbata.

"Amayi amadziwa za dimba kuposa aliyense m'mudzi muno. Mukasowa nzeru, nzeru zili kwa iwo."

"Ndizikazitenga bwanji, poti sitiyankhulana?"

"Pakamwa ndi pamene adaletsa, amuna anga. Makutu sadaletse."

Ndaziona adapita. Kafumbata adatsala ndi nthaka yake.

Adagaula. Adaphwanya zibuma. Adamanga mpanda waudzu. Adakonza mizere isanu ndi umodzi, yowongoka ngati mipini. Adafesa mpiru. Adathirira m'mawa, adathirira madzulo, adathirira m'mawa, adathirira madzulo.

Mpiru udamera. Udatulutsa timasamba ngati makutu a mbewa, tachikasu, ndipo udalekera pomwepo.

Mwezi udaoneka. A Chikadza adamasula mfundo yoyamba. Zidatsala zinayi.

ANamilanzi ankaona zonsezi akamapita kukatapa chimanga m'nkhokwe. Mtima unkawawawa. Mkamwiniyo ankamukonda, chifukwa adawasulira mpeni wosendera maungu osapemphedwa, nkuwasiyira pakhomo mwakachetechete. Koma akanamuuza bwanji?

Masiku amenewo ziweto zinkayankhula, ndipo zina zinkayankhula kuposa eni ake. Pakhomopo padali Mbuzi ndi Nkhuku. Tsiku lina m'mawa, Kafumbata ali m'dimba, aNamilanzi adabwera, naima pafupi ndi mpanda pamene Mbuzi adamangidwa. Adakweza mawu kuti afike kutali.

"Iwe Mbuzi, nthaka imamva njala ngati munthu. Chakudya chake chili m'khola mwako ndi m'khola mwa Nkhuku. Koma chakudya chimenecho sichiperekedwa chachiwisi. Munthu achiunjike pamodzi ndi mapesi ndi masamba, achithirire madzi, azichitembenuza, adikire mpaka chiwole ndi kuzizira. Wamva, Mbuzi?"

"Ndamva, mayi," adatero Mbuzi.

ANamilanzi adabwerera ali okondwa, poganiza kuti mawu afika. Koma m'dimbamo mudatsala mtsuko wokha. Mwini wake adali kale kuseri kwa chulu.

Dzuwa litakwera, Kafumbata adabwera monyang'ama.

"Iwe Mbuzi, apongozi amati chiyani?"

Mbuzi adayamba watafuna. Adatafuna, adatafuna, nameza.

"Amanena za ine, akamwini. Amati nthaka ili ndi njala, ndipo chakudya chake ndi ndowe zanga."

"Basi?"

"Zina zinali zongokometsera nkhani."

Zakudikira zija Mbuzi sadazitchule. Adaziona ngati chipongwe. Zinthu zake iye, zoti ziyambe zawola ngati zili ndi vuto?

Nkhuku, amene ankapalasa pafupi, adalowerera.

"Bodza! Ananena za ine. Ndowe za Mbuzi nzozizira ngati mwini wake. Zitosi zanga ndiye zili ndi ukali."

"Khala chete, iwe wopanda mano."

"Ndevu zokhazokha, nzeru zidatsalira kubusa."

"Musakangane," adatero Kafumbata. "Nditenga zonse."

Paja ndati adali waulemu. Sadafune kukhumudwitsa aliyense. Adasesa m'khola mwa Mbuzi madengu anayi. Adapala m'khola mwa Nkhuku madengu atatu, zitosi za dzulo ndi za m'mawa womwewo, zonyowa, zotsokomoletsa. Adazithira patsinde pa mpiru uliwonse, zambirimbiri, osaumira. Adathirira madzi. Adakhala pansi kudikira.

Tsiku loyamba, masamba adawerama.

Tsiku lachiwiri, masamba adapiringizika.

Tsiku lachitatu, mizere yonse isanu ndi umodzi idaoneka ngati padutsa lupsa. Ntchentche zokha ndi zimene zidakondwa.

"Mbuzi, ichi nchiyani?"

"Ndi za Nkhuku zimenezo."

"Nkhuku, ichi nchiyani?"

"Ndidanena kuti zili ndi ukali. Ndidanama?"

Kafumbata adagwidwa ndi manyazi aakulu. Mpiru wapsa, njere zatha, fungo likulunjika kukhomo kwa apongozi. Adadikira masana, aNamilanzi atapita kumtondo ndipo a Chikadza atapita kukaonjola misampha. Adapala zonse zimene adathira, pamodzi ndi mpiru wopsawo, nafuna pozibisa. Malo obisika adali amodzi okha: kuseri kwa nkhokwe ya apongozi, pamthunzi.

Pansi adayala mapesi kuti zonyansazo zisadetse bwalo. Pamwamba pake adathira ndowe ndi zitosi. Fungo lidatulukabe. Adaphimba ndi masamba ouma ndi makoko a mtedza. Zidatsalako zina. Adathiranso, naphimbanso ndi udzu. Adawaza phulusa la pachipala chake chosulira, paja phulusa limapha fungo. Adathiranso, naphimbanso. Potsiriza adakwirira ndi dothi pang'ono, nayala masamba a nthochi pamwamba. Mulu udafika m'chiuno.

"Apa palibe amene adzadziwe," adatero.

Madzulo omwewo aNamilanzi adapita kunkhokwe, nauona muluwo. Adauzungulira kamodzi. Adagwira pakamwa kuti asaseke mokweza. Kuyambira tsiku limenelo, madzi onse otsukira mbale ndi miphika ankakawakhuthulira pamenepo, pamodzi ndi matumbo a maungu ndi zotsala posadzula ndiwo.

Mwezi udaoneka. A Chikadza adamasula mfundo yachiwiri. Zidatsala zitatu.

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri chiunjikire muluwo, kudacha kozizira kwambiri. Kafumbata adapita kukaona ngati chinsinsi chake chidakali chobisika. Adaima chilili. Pamwamba pa mulu pankatuluka utsi woyera.

Munthu wosula sakhulupirira maso okha pa nkhani ya moto. Adathamangira chitsulo chake chotokosera, nachibaya pakati pa mulu, nadikira, nachizula. Adachigwira. Chidali chotentha.

"Mayo ine! Moto! Ndipo nkhokwe ili pomwepa!"

M'nkhokwemo mudali chimanga cha chaka chonse. Akuwe? Akakuwa, woyamba kutuluka akhala apongozi, ndipo adzafunsa kuti wasonkha ndani. Kafumbata adatseka pakamwa, natenga khasu. Adagumula mulu wonse. Adamwaza uku ndi uku, kufunafuna khala. Khala panalibe. Adathira madzi mitsuko inayi. Kenako, poti manyazi adali asanathe, adaunjikanso zonse, patali ndi nkhokwe phazi limodzi. Za pamwamba zidapita pansi, za pansi zidabwera pamwamba. Pogwira ntchitoyo ankaimba chapansipansi:

Moto uli kuti, moto uli kuti?
Utsi ndauona, khala sindiliona.
Nkhokwe ya apongozi, ndisungire,
Ndine mlendo pano.

Patapita masiku khumi ndi awiri, adabayanso chitsulo. Chidatuluka chotentha.

"Wayakanso!"

Adagumulanso. Adafunafunanso. Adathiranso madzi. Adaunjikanso, phazi lina patali. Adaimbanso:

Moto uli kuti, moto uli kuti?
Utsi ndauona, khala sindiliona.

Mbuzi ankangoonerera akutafuna.

"Akamwini, ena amalima dimba. Inu mukulima dzala?"

"Ndikuzimitsa moto."

"Moto wothira madzi nkumayakabe? Kwanu kuli zinthu."

Patapita masiku ena khumi ndi awiri, kachitatu. Chitsulo chidatuluka chofunda. Adagumula, adathira madzi, adaunjika. ANamilanzi ankasuzumira pa kabowo ka m'chipupa, nagwedeza mutu movomereza. Ankaganiza kuti mkamwini wawo adamva zonse zimene adauza Mbuzi, ndipo akuzitsata bwino lomwe.

Mwezi udaoneka. A Chikadza adamasula mfundo yachitatu. Zidatsala ziwiri. Adapita kukasuzumira m'dimba, napeza mizere yopanda kanthu.

"Bambo, mbewu imene mwadzalayi ndi yosaoneka ndi maso?"

"Ndikukonzekera, bambo."

"Konzekerani. Mukonzekerenso ndi luzi lomangira mvukuto."

Kafumbata adasowa chochita. Njere analibe, nzeru analibe, mkazi adali kuseri kwa phiri. Ankasula makasu a anthu, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukabaya chitsulo pamulu, kuopa kuti moto ungabwerere. Tsiku ndi tsiku chitsulo chinkatuluka chozizirirako. Mulu nawo unkaphwa, kuchoka m'chiuno kufika m'maondo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwezi wachinayi uoneke, adabaya chitsulo, ndipo chidatuluka chozizira ngati cha m'madzi. Adafuna kutsimikiza. Adakumba ndi khasu pambali. Mawu aang'ono adatuluka pansipo.

"Odi kumeneko! Ndani akugwetsa denga?"

Adali Nyongolotsi, wofiirira, wonenepa, atatulutsa mutu m'dothi lakuda.

"Pepani," adatero Kafumbata. "Sindimadziwa kuti muli anthu. Ndimafuna moto."

"Moto udatha. Ukadakhalapo ine sindikadabwera. Ndinu amene mudamanga nyumbayi?"

"Si nyumba. Ndi manyazi anga."

"Manyazi anu ngokoma. Tatapani mununkhize."

Kafumbata adatapa ndi dzanja. Mapesi sankaonekanso, zitosi sizinkaonekanso. Zonse zidasanduka dothi lakuda, lofewa, loyoyoka m'zala. Adanunkhiza. Linkamveka ngati nthaka ya m'nkhalango mvula yoyamba itagwa.

"Zonyansa zija zapita kuti?"

"Zapsa," adatero Nyongolotsi. "Inu ntchito yanu ndi yotani?"

"Ndine wosula."

"Mukasula khasu, mumalipereka kwa mwini wake likadali lofiira?"

"Ayi. Lingamutenthe manja. Ndimalitembenuza, ndimalimenya, ndimaliviika m'madzi, ndimadikira lizizire."

"Nanga mpiru mudaupatsiranji khasu lofiira?"

Kafumbata adakhala pansi pomwepo.

"Zitosi ndi ndowe zili ndi moto wake," adapitiriza Nyongolotsi. "Ndi moto wopanda khala, wopanda lawi. Mukazipereka zaziwisi, motowo umathera pa mbewu. Mukaziunjika ndi mapesi, umathera pamulu. Mumatembenuza kuti upume, mumathira madzi kuti usafe ndi ludzu. Inu mumayesa mukuuzimitsa, chikhalirecho mumaupemerera. Mukaona chitsulo chazizira, ndipo mukaona ine ndalowa, dziwani kuti chakudya cha nthaka chapsa."

"Ndiye zimenezi nkuthira m'dimba?"

"Msanga. Musakanize ndi dothi, musangoyala pamwamba. Ndipo munditengere limodzi, ana anga achuluka muno."

Tsiku lomwelo Kafumbata adatuta manyowawo, madengu khumi ndi limodzi. Adawasakaniza ndi nthaka yofiira ija mpaka mizere idada. Koma njere analibe.

M'mawa mwake aNamilanzi adaona mizere yakudayo. Adalowa m'nyumba, natuluka ndi kachikho. Kafumbata atangoona chitenje, liwiro, kuchulu. ANamilanzi adaika kachikhoko pachitsa, naitana Nkhuku.

"Iwe Nkhuku, njere za mpiru izi ndikuziiwala pano. Munthu akazitola afese motalikitsa, aphimbe ndi udzu mpaka zimere. Ukajomphako imodzi, kapena ukasiyako liwu limodzi, mawa ugona mumphika. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

Kafumbata atabwerako, Nkhuku adamufotokozera zonse, liwu ndi liwu, mpaka za mphika zomwe. Adaululanso zakudikira zija zimene Mbuzi adabisa. Mantha adakonza chimene ulemu udalephera.

Madzulo a tsiku limenelo mwezi udaoneka. A Chikadza adamasula mfundo yachinayi. Idatsala imodzi.

Kafumbata adafesa. Adaphimba ndi udzu. Adathirira m'mawa, adathirira madzulo. Pa tsiku lachinayi mpiru udamera. Pa tsiku lakhumi udapitirira makutu a mbewa. Pa tsiku la makumi awiri udafika makutu a mbuzi, wobiriwira mochita kuda. Mbuzi ankautambasulira khosi pampanda.

"Akamwini, poti mphamvu zake ndi zanga, kulawako tsamba limodzi nkulakwa?"

"Ukadandiuza zonse tsiku lija, bwenzi ukudya mtolo. Khala pomwepo."

Kutatsala tsiku limodzi, Ndaziona adabwerako. Adayang'ana dimba, nayang'ana mwamuna wake.

"Mwawonda, koma mpiru wanenepa. Amayi adakuuzani?"

"Adauza Mbuzi."

"Inu mudali kuti?"

"Kuchulu."

"Miyezi isanu yonse?"

"Pafupifupi."

Ndaziona adaseka mpaka adakhala pansi. Atatha kuseka adati, "Mawa musakapite kuchulu. Mukaime kuseri kwa mpanda, mufulatire, koma makutu akhale pano."

Madzulo mwezi udaoneka. M'mawa mwake kudacha kotentha, nyenje zikulira m'mitengo, kumwamba kopanda mtambo. A Chikadza adabwera ndi chingwe chawo m'manja. Adabweranso akazi awo, aNasoko, ndi mnansi wina, a Mwatitha, amene adaitanidwa kukhala mboni. ANamilanzi adatuluka ndi lichero. Miyendo ya Kafumbata idafuna kuthamanga yokha, koma Ndaziona adamugwira malaya. Adaima kuseri kwa mpanda atafulatira.

ANamilanzi adathyola. Adathyola mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chimodzi, kusiya mitima yokha kuti idzaphukenso. Lichero lidadzaza mpaka pamwamba.

"Ladzaza," adatero a Mwatitha.

"Taimani," adatero a Chikadza. "Mlongo wanga wathyola ndi chifundo. Masamba wawaika motukumula."

Adaika dzanja lawo lalikulu palichero, nakanikiza. Mpiru wa masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi ndi wanthete. Udaphwa. Udatsika pansi pa mkombero zala zitatu.

Ngakhale Nkhuku adasiya kupalasa.

A Chikadza adagwira mfundo yomaliza.

Pamenepo aNamilanzi adatembenukira kwa Mbuzi, nakweza mawu.

"Iwe Mbuzi, kuseri kwa nkhokwe yanga kwamera bonongwe ndi nkhwani zofika m'maondo. Zamera pamalo atatu pamene padakhala mulu wina wake. Ine sindidadzale. Sindikudziwa kuti muluwo adaunjika ndani. Mwini wake akadziwika, ndiwo zimenezo ndi zake."

Onse adapita kukaona, ndipo zidali zoona. Pamene mulu udakhala poyamba, pamene udasunthira koyamba, ndi pamene udasunthira kachiwiri, padali bonongwe wa masamba otambalala ndi nkhwani woyanga, zonse zochokera ku njere za m'madzi otsukira mbale aja.

"Zomera zokha sizili m'pangano," adatero a Chikadza. "Ndidati ntchito ya manja. Adagwira ntchito apa ndani?"

Kafumbata adaona kuti njira zatsala ziwiri: kusunga manyazi nkutaya mkazi, kapena kutaya manyazi nkusunga mkazi. Adayankha ali chifulatire.

"Ndine, bambo."

"Mumatani kuseri kwa nkhokwe ya apongozi anu?"

"Ndimabisa zitosi."

"Zitosi?"

"Ndidatentha nazo mpiru woyamba. Ndidachita manyazi, ndidazikwirira ndi mapesi. Kenako zidayamba kufuka. Ndidayesa moto. Ndidagumula katatu, ndidathira madzi katatu, kuopa kuti nkhokwe ingapse."

"Mumazimitsa manyowa?"

"Eya, bambo."

ANasoko ndiwo adayamba kuseka. A Mwatitha adatsatira, atagwira m'mimba. ANamilanzi adadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, chifukwa tsopano adadziwa kuti mkamwini amene ankamuyesa womvera malangizo sadamve liwu ndi limodzi lomwe. A Chikadza adalimbalimba, koma nawonso adagonja, mpaka misozi.

"Thyola, mlongo wanga," adatero akupukuta m'maso. "Ntchito ya mantha ndi ntchito ndithu."

ANamilanzi adathyola bonongwe, nathyola nkhwani. A Chikadza adakanikiza ndi dzanja limodzi. Lichero lidali lodzaza. Adakanikiza ndi manja awiri. Lidali lodzazabe, masamba ena nkumagwera pansi. Adamasula mfundo yomaliza, napereka chingwecho kwa Ndaziona.

"Ukamangire mvukuto kudenga kwanu. Sukupitanso kwina."

Kenako aNamilanzi adayang'ananso kwa Mbuzi.

"Iwe Mbuzi, uwauze alendo aja kuti si alendonso. Uwauzenso kuti chulu chija ndi cha chiswe, si cha akamwini."

Mbuzi adakonza kukhosi, natsegula pakamwa. Koma Kafumbata, ali chifulatire kuseri kwa mpanda, adayamba ndiye.

"Iwe Mbuzi, uwauze amayi kuti ndamva ndekha. Zikomo kwambiri."

Mbuzi adayang'ana uku, nayang'ana uku.

"Nanga ine ndinene chiyani, poti mwamvana kale?"

"Usanene kanthu," adatero Nkhuku. "Ndi mmene unena zoona koyamba."

Kuyambira chaka chimenecho anthu a ku Kamtsuko adasiya kutentha mapesi ndi zinyalala. Aliyense adayamba kuunjika mulu wake pamthunzi, ndipo Kafumbata adasula zitsulo zobayira miyulu zochuluka kuposa makasu.

Tsono wamva, mphwanga. Zitosi zili m'dengu lakozo ndi khasu lofiira. Kaziunjike ndi mapesi ndi masamba, uthirire, uzitembenuza, ubayemo chitsulo kapena ndodo, ndipo udikire mpaka zizizire ndi kuda. Ndipo ulemu ukhale wa mapazi atatu. Wothawira kuchulu amamva nzeru za akulu kudzera pakamwa pa mbuzi.

Lichero lidadzaza, chingwe chidamasuka, ndipo nthano yanga yathera pomwepo.

Amene adalipo tsiku lothyola ndiwolo, monga adandiwerengera malemu a Gwirize, ndi awa: a Chikadza, mwini mbumba, akazi awo, aNasoko, a Mwatitha, mboni, aNamilanzi, amene adagwira lichero, Ndaziona, mwana wawo, Kafumbata, wosula, kuseri kwa mpanda, Nkhuku, amene sadagone mumphika, Mbuzi, amene adapatsidwa mapesi a bonongwe basi, ndi pansi pa mizere, Nyongolotsi ndi mbumba yake yonse, amene sadaitanidwe, sadalawe ndiwo, ndipo sadaimitse ntchito.